Amuna anga ankati mowa ulibe magazi

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikalira mundipirire.

Ambiri munkawadziwa amuna anga, bambo a Esinati. Anali msodzi. Mng'ono wawo atamira ndi bwato, ndi iwo amene anakamupeza m'bango, nsomba zitamudya kumaso. Pamaliro sanalire. Koma kuyambira pamenepo sanalawenso nsomba. Kenaka analeka nyama, mazira, ngakhale mkaka. Ankati, "Chilichonse chochokera ku chinthu cha magazi chisandiyandikire." Ukonde anagulitsa. Ine ndinkangophika nyemba ndi chigwada, osadandaula.

Koma mowa, abale anga, mowa! M'mawa ankamwa, masana ankamwa. Ndikawadandaulira ankati, "Mayi a Esinati, mowa ndi chimanga ndi chimera basi. Ulibe magazi. Sunaphe kanthu."

Sunaphe kanthu? Unkapha ife! Mpunga wathu wonse unathera komweko. Ana anasiya sukulu. Ndipo mukudziwa mmene zinthu zilili, sindinena zambiri: mtima wanga unali m'mwamba kuti tsiku lina ataledzera adzayankha mwano kwa anyamata ofunsa makadi a chipani pamsika, n'kusowa. Ndinapemphera mpaka ndinatopa. Amayi inu a kutsogoloku, munkandiona.

Tsiku lina akumwa ku boma anakumana ndi bambo wina amene anagwirapo ntchito pa fakitale ya mowa kunja kwa dziko lino. Atamva amuna anga akudzitama kuti mowa ulibe magazi, anawaseka. "Achimwene, simukudziwa? Mowa wina wa m'botolo tinkauyeretsa ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba."

Kaya zinali choncho ndi mowa umene iwo ankamwa, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, osadzandira. Anakhala pakhonde n'kuyamba kulira, kuitana dzina la mng'ono wawo. Analira, analira, ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Atatonthola anati, "Mayi a Esinati, ndakuzunzani." Sanamwenso, ngakhale masese.

Koma chiwindi chinali chitatha kale. Mimba inatupa, maso anachita chikasu. Kuchipatala anatiuza kuti tachedwa. Amuna anga anatisiya titangokolola.

Mwina mukuti, nanga umboni uli pati? Uli apa: miyezi yotsiriza ija ndinali ndi mwamuna m'nyumba. Ankakhala pabenchi lakumbuyo ilo, akuimba mosemphana ndi anzawo. Anamuperekeza okha Esinati kwa aphunzitsi kukapempha kuti abwerere m'kalasi. Ndipo pomwalira ankatidziwa tonse, mwana aliyense anamutchula dzina lake.

Ndine wamasiye, inde. Misoziyi musaione ngati yodandaula. Zikomo Yesu, zikomo. Abale anga, ndilibe mphamvu zoyambitsa nyimbo. Wina andiyambire, tiimirire, mukondwere nane.