Chiperoni cha ku Kepi

Pepani a wailesi kuti ndalimba mtima kukulemberani. Sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Masambanjati, mukonze pomwe ndalakwitsa.

Amayi anga amathyola tiyi ku esiteti kwathu ku Thyolo. Nditapita ku Kepi, ku Joni, kukagwira ntchito yotsuka mbale, anandipempha chinthu chimodzi: chithunzi nditaima pamwamba pa phiri lotchuka la Tebulo, kuti anzawo a kumunda akhulupirire kuti ndinafikadi.

Ndinachita manyazi kufunsa kakweredwe ka kagalimoto koyenda pachingwe, ndiye ndinakwera wapansi. Ndinafika pamwamba nkhungu itakuta ponseponse. Ndinajambulitsa momwemo n'kutumiza.

Anzawo aja ataona pafoni anaseka. "Mayi inu, ichi si chiperoni chathu chomwechi? Mwana wanu wabisala ku Mulanje!" Kuyambira pamenepo amayi ankapita kusikelo yoyezera tiyi pomalizira, ena onse atachoka.

Ndimapuma tsiku limodzi pa sabata. Ndinakweranso kawiri, nkhungu yomweyo, n'kutsika mawondo akuwawa, mawa lake kuntchito. Ulendo wachinayi kunayera, nyanja yamchere ndi mzinda wonse zikuoneka kumbuyo kwanga. Ndinatumiza chithunzi ndili pomwepo.

Amayi anaimba foni. Za nyanja sananene kanthu. Anangoti, "Iwe, wawonda chonchi bwanji? Ichi sindiwaonetsa, asiye aziseka. Usakwerenso."

Ndinakhala pamwala nthawi yaitali, nditatopa moti ngakhale kulira kunandikanika. Nkhani ya phiri inathera pamenepo, tsiku la Khrisimasi, pa 25 Disembala chaka chathachi.