Kanthambi ka pa Mpanda wa Malemu

Basi inachedwa. Pa benchi panakhala mayi wina atafumbata kanthambi kouma, ndipo pambali pake panali bambo wonyamula mpope wopopera mbewu.

"Pepani mayi, kathovu kouma kali pa kanthambiko ndi mankhwala?"

"Ayi bambo, ndi mazira a chiswamphika. Ndathyola pa mpanda wa dimba la malemu amuna anga. Dimbalo tinagulitsa dzulo."

"Pepani kwambiri. Nanga tizilombo n'tantchito yanji?"

"Iwo ankati ndi antchito awo. Chiswamphika chimadya nsabwe ndi mbozi za m'masamba, ndiye mpope ngati wanuwo sunkadutsa pachipata. M'mawa uliwonse ndinkawamva akupereka moni: 'Mwadzuka bwanji abusa, mapemphero atha?' Poti chimapinda manja chija."

"Ndiye mukakaika pati?"

"Pawindo, kwa mwana wanga. Amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni."

"Iii mayi, musatero! Mazirawo akaswa, tiana timatuluka tambirimbiri, ndipo tikasowa chakudya timadyana tokhatokha. Posakhalitsa mudzapeza katsala kamodzi."

"Ndikudziwa. Koma ndikanasiyira yani? Eni ake atsopano atsitsa kale njerwa."

"Ine ndili ndi kadimba ka tomato. Mpanda ulipo."

"Ndi mpopewo?"

"Uwu ndikhoza kuupachika chaka chino."

Basi inatulukira pakona. Mayi aja anapereka kanthambiko ndi manja awiri, koma sanakasiye msanga.

"Mukamange moyang'ana kotulukira dzuwa. Ndipo tianato tikatuluka, bambo, muzitipatsako moni m'mawa. Makolo awo anazolowera."