Chizungulire Changa Si Mimba

Inu omvera, ndine mtsikana wa giredi 11, kwathu ndi ku Madzimoyo. Tsiku lina pa asembule, tikuimba nyimbo ya fuko, khutu langa lamanzere linayamba kulira ngati nyenje. Bwalo lonse linazungulira, ndinagwa, kenako ndinasanza pamaso pa sukulu yonse.

Amatroni anangondiyang'ana pamimba n'kufunsa kuti, "Iwe, miyezi ingati?" Nkhani itafika kwathu, azakhali anauza atate kuti andichotse sukulu ndisanawachititse manyazi.

Ndinakana. Ndinati, "Atate, tiyeni kuchipatala akandiyeze inu muli pomwepo." Anandiyeza, mimba panalibe. Adokotala anapeza kuti ndi matenda a m'kati mwa khutu, mbali imene imathandiza munthu kumva ndi kuyenda osadzandira. M'mawa mwake atate anandikweza okha panjinga kubwerera kusukulu.

Khutu lija silimvanso bwino, ndipo chizungulire chimabwerabe. M'kalasi ndimakhala kutsogolo, khutu lamanja ndalozetsa kwa aphunzitsi. Makolo, mtsikana akagwa, yambani mwamufunsa chimene chikumupweteka. Ndipo inu amene mukundijedabe, dzakhaleni kumanzere kwanga. Kumeneko sindikumvani, ndipo mayeso ndilemba.