Ombwe wa Mayi Bibiana

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1947 konkuno ku Chipera, dzina lawo Bibiana Sakala. Sukulu analekezera kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi. Mu 1966 anakwatiwa ndi Bambo Damião, amene nkhondo inatilanda mu 1986. Chaka chomwecho malemu anathawira ku Zambia ndi ana awo awiri.

Kumeneko anaphunzira kuti ombwe, chitsamba chimene ife tinkangophera nsomba, ndi mankhwala a munda. Atabwerera mu 1994 anapeza nyumba ili phulusa, munda uli tchire. Anakatola njere m'mphepete mwa dambo n'kubzala kuzungulira munda wonse. Mukuudziwa ombwe: umatalika kuposa munthu, masamba ake ndi acheya, maluwa oyera, makoko aubweya onga a nandolo. Umabwezera chonde m'nthaka. Masamba ake osinja amapha anankafumbwe m'chimanga ndi nkhupakupa pa ng'ombe. Mbuzi siudya, ikangonunkhiza imatembenuka.

Mu 1996 mbuzi za Bambo Salvador zinafa. Iwo anaimirira pabwalo, mudzi wonse ukumva, n'kunena kuti malemu abwera ndi chiphe cha ku Zambia. Chaka chimenecho mbuzi zinafanso ku Malowera, kumene malemu sanapondeko, koma palibe anafunsa. Mayi wamasiye alibe womuyankhira.

Kuyambira pamenepo, malemu akafika pachitsime amayi ankasuntha mitsuko. Pamaliro anawalanda mthiko, akuti angathire kanthu m'chakudya. Zinawapweteka kwambiri, ndipo ifenso mpaka lero mtima ukutiwawa. Chodabwitsa, ena a inu munkazembera kuseri kwa munda n'kumathyola masamba omwewo. Malemu ankakuonani, ankangoweramira khasu. Chimanga chanu chinkafika dzinja chosafumbwa, moni wanu osafika pakhomo pawo.

Pa 18 Januwale chaka chino cha 1999 anadwala chibayo. Mvula inali itadula msewu, ndipo machila safuna munthu mmodzi. Mwana wawo Raul anagogoda makomo asanu ndi limodzi. Amene anatuluka ndi akatekista okha, Bambo Aniceto. Awiriwo anawanyamula, koma malemu anatsirizika panjira pa 21 Januwale, chipatala chisanaoneke.

Asiya ana awiri, Raul ndi Berta, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza Bambo Aniceto, adzukulu okumba manda, ndi amayi atatu amene asambitsa thupi osaopa. Enanu takuonani kuti mwabwera.

Akubanja agwirizana mawu amodzi, poti mlandu suola. Bambo Salvador, muli apo pamzere wachiwiri. Mawu aja munawanena poyera, muwabwezenso poyera. Malemu sitiwaika ndi dzina la chiphe, ndipo bokosi silinyamuka pano musanaimirire. Mvula ikubwera, koma ife sitikufulumira.

Dzina lawo likayera, mzimu wa Mayi Bibiana uuse mumtendere.