Mayi Herminda Cely ndi Timanati ta Mkuwa

Malemu Mayi Herminda Cely, amene agona pakati pathu panowa, anabadwa pa 9 Meyi 1954 ku Tutazá, m'banja la Bambo Rosendo Cely ndi Mayi Tránsito Rincón, alimi a mbatatesi. Anali oyamba mwa ana asanu. Ine ndaimirirane ndine Belisario, mlongo wawo wotsiriza, ndipo ndikuyankhula m'malo mwa banja.

Sukulu anayamba mu 1961, koma anaisiya ali m'kalasi yachitatu bambo athu atamwalira ndi chibayo. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kudyetsa nkhosa ndi kutibereka ife kumsana. Mu 1969 anatsikira kuno ku Duitama kudzagwira ntchito ya m'nyumba.

Pa 14 Ogasiti 1976 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Pacífico Báez, amene anali ndi kashopu kokonzera njinga kuseri kwa msika. Mulungu anawapatsa ana awiri, Marleny mu 1978 ndi Ovidio mu 1983. Poyamba malemu ankangopita kushopuko ndi chakudya cha masana, kenaka anayamba kugwirizira magudumu amuna awo akamamanga. Posakhalitsa Bambo Pacífico anawasiyira ntchito yonse ya magudumu, n'kumauza makasitomala kuti, "Ine ndimathira mafuta, mmisiri ndi uyo ali pakonayo."

Mu Novembala 1995 Bambo Pacífico anagundidwa ndi lole ya malasha pa msewu wa ku Sogamoso, n'kufera pomwepo. Ambiri tinawalangiza malemu kuti agulitse shopu abwerere kumudzi. Koma titamaliza mapemphero a novena, a masiku asanu ndi anayi aja, anakatsekulanso shopuyo.

Ambiri mwa inu mwabwera pa njinga zomwe magudumu ake anamanga ndi iwowa, ndiye mukudziwa lamulo lawo. Timanati tomangira masipoko ku limu ankagwiritsa ta mkuwa tokhatokha. Ankati mkuwa ndi wolemera, inde, koma suuma ndi mvula, suchita manyazi ndi sipanala, ndipo gudumu likapindika patapita zaka umaliwongola osalimbana nalo. Ta aluminiyamu, topepuka tija tokongola mitundumitundu, ankati n'tabwino tsiku la mpikisano, koma thukuta ndi mchere zikatilowa timadyeka m'kati, kunja tikuwala. Anyamata opalasa ankawaseka, n'kuwapatsa dzina loti Doña Mkuwa, kutanthauza Mayi Mkuwa. Iwo ankalikonda dzinalo.

Ovidio anakulira m'shopumo, ndipo anali ndi miyendo yokwera mapiri. Mu 2004 anasankhidwa kukapalasa mpikisano waukulu wa achinyamata, umene akuluakulu a matimu ankabwera kudzasankhirako anyamata. Apa m'pamene m'nyumba munabuka mkangano. Anzake onse anali ndi magudumu a timanati ta aluminiyamu, iye yekha mkuwa.

Tsiku lina ndili pomwepo anati, "Amayi, inu mukundimangira ngolo ya ng'ombe, osati njinga."

Malemu anati, "Iwe, kusiyana kwake sikuposa kulemera kwa dzira limodzi. Ukalephera phiri chifukwa cha dzira ndiye kuti miyendo ulibe."

"Nanga ndikatsala ndi theka la gudumu pamzere, mudzandiuza chiyani? Kuti masipoko anga ndi okhalitsa?"

Anakangana mwezi wathunthu, mpaka kudya mosayang'anana. Potsiriza malemu anagonja. Anaitanitsa timanati tofiira ta aluminiyamu kuchokera ku Bogotá, namanga magudumu awiriwo mosamala kuposa ena onse amene anamangapo. Powapereka anati, "Awa ndi a mpikisano uno wokha. Ukabwerako undibwezere."

Ovidio anapambana tsiku la mapiri. Tinamvera pa wailesi m'shopumo, ndipo malemu analira atagwira sipanala m'manja. Timu ina inamutenga, n'kupita naye ku Barranquilla, kunyanja, kumene anakakhala miyezi ingapo. Magudumu aja sanabweze. Ankati ndi amwayi. Amayi ake akamufunsa pa foni ankayankha kuti, "Akuyenda ngati mphepo, musadandaule." Kumeneko mphepo yake ndi yamchere, ndipo iye ankapalasa tsiku ndi tsiku, thukuta likudonthera pa gudumu lakutsogolo.

Anabwera kudzaona kwawo mu Epulo 2005. Anafika Loweruka madzulo, nalonjeza kuti Lolemba awatula magudumuwo pa benchi. Lamulungu m'mawa, malemu ali ku Misa, anatuluka ndi anzake. Potsetsereka kulowera ku Belén, pa kona, timanati tingapo tinathetheka motsatizana, gudumu linapindika n'kukakamira, iye n'kuponyedwa pa mwala wa m'mbali mwa msewu. Fupa la msana linathyoka. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimirirenso.

Anzake anabweretsa gudumulo kushopu. Malemu anagwira timanati totsala, tina n'kumafumbutuka m'zala zawo ngati mchere wonyowa. Sanakuwe. Anangoti, "Ndinamanga ndine."

Mawu amenewa anakhala nawo moyo wawo wonse. Ovidio atatuluka m'chipatala ankawauza kuti, "Amayi, ndinapempha ndine, ndiponso munandiuza kuti ndibweze." Iwo ankati, "Mwana amapempha. Wodziwa ndinali ine." Anthu ena amalimbirana kukana mlandu, koma awiriwa ankalimbirana kuusenza, ndipo palibe anagonjera mnzake. Bambo Mfumu athu analowererapo kangapo, osaphula kanthu.

Chaka choyamba chinali choopsa. Ovidio ankakana kudya, ankatembenukira kukhoma, ndipo malemu anachita kubisa mankhwala ndi mipeni. Ankamusambitsa, kumunyamula kuchoka pabedi kupita pa chikuku, munthu wamkulu wowaposa msinkhu, kenaka n'kupita kushopu. Chikuku chimene anapatsidwa kuchipatala magudumu ake anali ogwedera. Malemu anawamasula onse n'kuwamanganso okha ndi mkuwa. Mu 2007 anadula miyendo ya benchi ya malemu amuna awo kuti itsike, nakankhira Ovidio pamenepo, n'kumuikira limu pamiyendo. Iye anati sakufunanso kuona njinga. Iwo anati, "Usaione, ingomanga. Zala zanga zayamba kuuma." Sizinali zonama, nyamakazi inali itayamba. Kuyambira chaka chimenecho ankagwira ntchito moyandikana, nthawi zambiri osayankhulana, wailesi ili chotseka ikafika nyengo ya mipikisano.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba chakumayambiriro kwa 2023, koma ankati ndi khofi. Anabisa kwa miyezi yambiri, akuonda tikuwaona. Marleny atawakakamiza kupita ku Tunja mu Okutobala, madokotala anapeza khansa itafalikira kale. Anawauza kuti agonekedwe, iwo anakana, nafunsa dokotalayo kuti, "Nanga mwana wanga mukamunyamula ndinu?" Anapitiriza kumunyamula mpaka tsiku lina mu Januwale chaka chino pamene anagwa naye pansi m'bafa, onse awiri osatha kudzuka, mpaka aneba anamva kuitana n'kuthyola chitseko. Kuchokera pamenepo sanadzukenso pabedi.

Analandira masakramenti a odwala pa 2 Malichi. Mawu awo omaliza omveka anauza Marleny, ndipo anali akuti, "Uzimutembenuza mlongo wako pafupipafupi, amatuluka zilonda. Sanena." Anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 5 Malichi 2024, dzuwa likutuluka, kunyumba kwawo, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi.

Asiya ana awiri, Mayi Marleny ndi Bambo Ovidio, zidzukulu zitatu, ndi ife abale awo atatu otsala.

Banja likuthokoza Bambo Mfumu ndi amayi a bungwe la Maria amene ankasinthana kuwadwazika. Tikuthokoza Bambo Hipólito Fonseca ndi akazi awo, aneba aja anathyola chitseko, amene kuyambira Januwale akhala akubwera m'mawa ulionse kudzanyamula Ovidio. Tikuthokoza amayi a mumsika chifukwa cha mbatatesi ndi shuga wa nzimbe wa panela, ndi inu nonse opalasa njinga amene mwadzaza msewu kunjaku.

Tikatuluka muno tilowera kumanda. Msewu wake mukuudziwa, ndi wokwera ndiponso wamiyala. Tinakonza galimoto yoti itenge Ovidio, koma wakana. Wapempha kuti ayende kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, pa chikuku chake, ndipo pasapezeke womukankha. Onyamula bokosi, chonde muyende pang'onopang'ono. Akaima, tonse tiime.

Achemwali athu, mwatopa. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.