Zitsa za a Nankwenya

Malemu athu, bambo Frazer Nankwenya, anabadwa pa 9 Malichi 1952 konkuno ku Chigaru. Ine ndikuyankhulane ndine January, mng'ono wawo. Ndifulumirako, mitambo iyi siitidikira ayi.

Sukulu anayambira ku Lirangwe, nakamalizira Sitandade 8 ku Chileka mu 1968. Mu 1975 anamanga ukwati woyera ndi mayi Fyness, a mudzi woyandikana nafe.

Ntchito anagwira ya zankhalango kuphiri la Zomba, kubzala paini. Amene munkawadziwa mukukumbukira chingwe chawo chija: mtengo uliwonse pamzere, ngati ana pa asembule. Ndi chimanga chomwe ankabzala ndi chingwe, mpaka alamu anga ankadandaula kuti mvula idzatha tikuyezabe.

Atapuma ntchito mu 1997, mudzi unawasankha kukhala wapampando wa komiti ya nkhalango yathu, pakaphiri kali kuseri kwa sukulu. Mu 2009 tinadula bulugama yense wa pamenepo, n'kuwotchera njerwa ndi kufolera makalasi. Apa m'pamene achimwene anatidabwitsa. Ataona mombo, msuku ndi mthethe zikuphukira pazitsa zakalekale, anakana kuti tizule, tisese, titenthe. Munthu wa chingwe uja! Ankati nthaka taivula kale, tisaisende ndi khungu lomwe, nthambi ziwolere pomwepo.

Ambiri sizinawakomere. Ena ankati kaphiri kakuoneka ngati mutu wosapesa, odutsa pamsewu aziti kuno kuli alesi. Ena ankaopa njoka, poti ana asukulu amadutsa pamenepo. Ankafuna mizere yoyera ya bulugama, kuti ndiyo imaonetsa chitukuko. Pamisonkhano mawu ankakwera, ndipo ena muli panonu munasiya kuwapatsa moni. Sinditchula munthu, lero si tsiku la milandu.

Mu Okutobala chaka chino cha 2011, wina anayatsa moto pakaphiripo dzuwa lili paliwombo. Malemu anakwera okha ndi nthambi yaiwisi kukazima. Mbali ya kum'mawa anaipulumutsa, koma utsi unawalowa m'chifuwa, chimene chinkawavuta kale. Tinathamanga nawo kuchipatala ku Lunzu, kenako ku Blantyre. Atisiya Lachiwiri pa 22 Novembala.

Abale, mtima wanga sukukhazikika, ndinene poyera. Komiti inapangana kukumana Loweruka likubwerali kuti igamule, tizule zitsa zotsalazo kapena tizisiye. Mbande za bulugama zakula m'machubu, mvula ndi iyi, makasu ena anola kale. Amene ankaziyankhulira zitsazo ndi awa agona apawa.

Asiya mayi Fyness, ana atatu, Connie, Luke ndi Duwa, ndiponso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Banja likuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, amayi a Mvano amene achezera nafe, adzukulu okumba manda, komanso bambo Athumani amene anatinyamula pagalimoto yawo popanda kuwiringula.

Tikanyamuka pano tikukawasiya kumanda. Mukafika musathamangire kukhala pansi, muyambe mwakweza maso. Mitengo ya kumeneko palibe anaiyeza ndi chingwe, palibe anasesa pansi pake, koma m'mudzi muno mthunzi weniweni watsala kokhako, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti ndi yonyansa. Malemu ankafuna kuti ana athu akhale pamthunzi wotere akadali moyo. Loweruka mudzabwere mutauona.

Achimwene, kagoneni mumtendere, pansi pa mitengo yopanda mzere.