Ndege imene ndinaipempherera kuti ichoke

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mmodzi wa amene tinathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhala kufupi ndi Namwera, ndipo ndikufuna mumve mmene mantha anga anatsala pang'ono kundiphera mkazi.

Chaka chimenecho mvula inakokolola mlatho, moti galimoto sizinkafika kumsasa wathu. Mkazi wanga Joana anali atangobereka kumene mwana wamkazi, koma thupi linatentha, magazi osaleka. Ine ndinkangozungulira chisakasa, kulowa, kutuluka, kulowanso, popanda chimene ndikuchita.

Ndiye m'mawa wina tinamva phokoso kumwamba. Inu obadwira kuno simungamvetse. Kwathu helikoputa ikabwera, inkasiya maliro. Iyi inali yaikulu, ya asilikali, matumba ali lende mu ukonde kunsi kwake, koma ndani akanaima kuti aone matumbawo? Msasa wonse unabalalika. Khanda ndinapatsa mlamu wanga, Joana ndinamunyamula kumsana, ulendo wa kuphiri.

Kuphiriko ndinapemphera mokalipa kuti Ambuye, ichotseni! Koma sinachoke. Ikati idzuke, inkangolira pang'ono n'kuzima. Tsiku loyamba, lachiwiri, ili phee pabwalo la mpira. Anzathu anayamba kutsika atamva kuti yabweretsa chimanga, ine ndinati ndi msampha. Ndine wouma mutu, ndikuvomera. Mulungu ndinamukwiyira kwambiri, uku Joana akufookera pamwala, osathanso kuyamwitsa.

Tsiku lachitatu mlamu, amene anali atatsika ndi anzathu aja, anakwera phiri ndi msilikali wopanda mfuti, manja ali bii ndi oyilo. Anali makaniko wa ndegeyo. Anayang'ana Joana, kenako ine.

"Bambo, mukufuna mayiwa afere pano? Ife tikanapita tsiku lomwe lija, koma pampu ya mafuta inafa. Sipeya ikafika, akwera nafe."

Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze. Tinamutsitsa Joana pamachira, ndipo pemphero langa linatembenuka: ine amene ndinkati ichoke ndinayamba kulira kuti isachoke popanda ife, koma idzuke msanga. Sipeya inali m'njira, koma lole imene inainyamula inathera pamlatho wothyoka uja. Ndinathamangira kumtsinje, ndinabwerera kudzaona ngati Joana akupuma, ndinathamangiranso kumtsinje. Masana asilikali awiri anawoloka madzi olekeza m'khosi, wina atasenza kabokosi pamutu. Atatsegula ndinaona kachitsulo koti mungakanyamule ndi dzanja limodzi. Chindege chonse chija chinagona masiku atatu chifukwa cha kameneko.

Makaniko akumanga, ine ndili pamsana pake kufunsa ngati watha, mpaka anandithamangitsa. Injini italira, miyendo yanga inafunanso kuthawa, koma ndinagwiritsa machira ndipo tinalowa.

Kuchipatala ku boma namwino anandiuza mosabisa kuti tikanachedwa tsiku lina limodzi, ndikanabwerera ndi khanda lokha. N'chifukwa chake ndimathokoza Mulungu amene anakana pemphero langa kuphiri kuja, pamene ine ndinkamuyesa wogontha. Inu amene mukupempha lero koma simukuona yankho, musaleke kupemphera, komanso musathamangire kukwiya ngati ine. Joana ali moyo, ndipo khanda lija litakula n'kudzabereka, anali Joana yemweyo amene analandira mdzukulu wathu m'manja mwake.